Likoma: boma la anthu ochepa kuposa onse, lothithikana kuposa Thyolo

Kwathu kuno ku Thyolo nkhani ya malo sitiseka nayo. Mnyamata akakula n'kufuna pomanga nyumba, makolo amapita naye kumunda, kuyeza ndi mapazi, n'kumudulira kachigawo komwe chaka chatha kanali ndi chinangwa ndi nandolo. Ukaima pamtunda panjira ya ku Makwasa, maso amathamanga pamwamba pa tiyi wobiriwira mpaka kumene mitambo yatsikira, koma midzi ili m'mphepete, yapanikizana m'zigwa ndi m'malo otsetsereka omwe esiteti inasiya. Ndinakula ndikudziwa kuti kupatula abale athu a ku Chiradzulu, palibenso anthu opanikizika ngati ife m'Malawi muno.

Kalembera wa 2018 ndiye anandiwongola. Anapeza kuti boma la Thyolo lili ndi anthu 721,456, ndipo pa sikweya kilomita iliyonse pamakhala anthu 433. Ku Chiradzulu ndi 469. Dziko lonse likaphatikizidwa, ndi 186. Koma tikachotsa mizinda, boma lomwe linaposa onse pa kuthithikana silili kummwera kuno. Lili kumpoto, pakati pa madzi: Likoma, anthu 726 pa sikweya kilomita. Ndipo boma lomwelo ndi lomwe lili ndi anthu ochepa kuposa maboma onse, 14,527 basi. Munthu mmodzi wa ku Likoma, ife a ku Thyolo tilipo pafupifupi 50.

Zinthu ziwirizi zimaoneka ngati zikutsutsana mpaka utaona kukula kwa malowo. Boma lonse ndi zilumba ziwiri, Likoma ndi Chizumulu. Likoma ndi pafupifupi masikweya kilomita 18, Chizumulu pafupifupi 3. Palibe boma laling'ono kuposa pamenepa. Kutalika kwa Likoma kuchokera kumpoto kufika kummwera ndi makilomita ngati 8, mtunda womwe mayi wothyola tiyi amatha kuyenda m'mawa umodzi, popita ndi pobwera kuntchito. Kuti anzanga a m'maesiteti amve bwino, ndinene m'mahekitala: Likoma ndi mahekitala 1,800. Tiyi yense wa m'Malawi, wa ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, ali pa mahekitala pafupifupi 18,000. Ndiye kuti minda ya tiyi yokhayo ingaphimbe chilumbacho kakhumi.

Anthu ambiri akamva za chilumba cha kumpoto amaganiza za mchenga wopanda mapazi ndi nyumba imodzi apa, ina uko. Zilumba zotero zilipo pa nyanja yathu, koma zili kummwera: Domwe, Thumbi ndi Mumbo kufupi ndi Cape Maclear, Maleri ku Salima, Boadzulu ku Mangochi, komwe kuli mbalame, ng'azi ndi miyala. Mbenji, ku Salima komweko, kumakhala asodzi kwa miyezi ingapo yokha. Nyengo yamvula ikafika, lamulo la mfumu Makanjira limatseka chilumbacho kuti nsomba ziswane, aliyense n'kubwerera kumtunda. Likoma ndi yosiyana nazo zonsezi. Kumeneko anthu amabadwa, kukwatira, kukalamba ndi kuikidwa m'manda pa nthaka yomwe singawonjezeke ngakhale ndi phazi limodzi.

Ndinapitako ndi sitima ya Ilala, kukwerera pa Nkhata Bay dzuwa litalowa. Pansi pa sitimayo panalibe poponda. Matumba a chimanga ndi ufa anali ataunjikana mpaka m'chiuno, pamwamba pake malata, mabokosi a sopo, mitolo ya nzimbe, madengu a tomato ndi kabichi, njinga, nkhuku zomangidwa miyendo. Ndinakhala moyandikana ndi mayi wina wachikulire yemwe anatsamira matumba anayi olembedwa chizindikiro chimodzi.

"Mayi, chimanga chonsechi n'chokagulitsa?" ndinawafunsa.

"Iyayi bambo, n'chodya pakhomo," anatero. "Kwathu munda ndi nyanja. Tikapha usipa timagulitsa, ndiye n'kugula chimangachi. Inu mwachokera kuti?"

Nditatchula Thyolo anamwetulira. "Kwa tiyi ndi nthochi! Ndiye inu muli ndi dothi."

Sindinawatsutse, ngakhale mumtima ndinkaganiza za kachigawo koyeza ndi mapazi kaja. Nditafika ndinamvetsa zomwe ankanena. Dothi la ku Likoma ndi mchenga ndi miyala. Chinangwa chimapirira, ndipo kondowole ndiye nsima ya ambiri, koma chimanga chokwanira anthu onsewo sichingachoke pamenepo. Ife tikusowa malo chifukwa nthaka yabwino inapita ku tiyi kalekale, nthawi ya atsamunda ndi thangata. Iwo akusowa malo chifukwa madzi anawazungulira. Njala ya malo ndi imodzi, ngakhale inabwera ndi njira ziwiri.

Chachiwiri chomwe Likoma ilibe mnzake ndi pomwe inakhala. Zilumba ziwirizi ndi Malawi, koma madzi owazungulira ndi a Mozambique. Kuchokera ku Nkhata Bay ndi makilomita oposa 60, pomwe Cobuè, mudzi wa ku Mozambique m'chigawo cha Niassa, uli pa makilomita osakwana 10. Ukaima pagombe la kummawa umaona mapiri a tsidya lija bwinobwino, ndi utsi wa moto wa anthu otentha tchire. Kumtunda kwa Malawi ndiye kumaoneka ngati mzere wa buluu kutali, tsiku lomwe kwayera. Palibe dera lina la dziko lino lomwe munthu sangalifike pamadzi osadutsa m'dera la dziko lina.

Zinatheka bwanji? Mu 1891 Britain ndi Portugal anagawana dera lino. Gombe la kummawa la chapakati pa nyanja linapita kwa Apwitikizi, koma zilumbazo zinatsala m'manja mwa Angerezi chifukwa amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anali atakhazikika kale pa Likoma kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1880. Mu 1954 maiko awiriwo anagwirizananso kuti malire adutse pakati pa nyanja, ndipo Likoma ndi Chizumulu zinapezeka mbali ya kummawa ya mzerewo. Ife a ku Thyolo malire a Mozambique sitimawaona ngati chinthu chachilendo. Mtsinje wa Ruo uli pafupi, agogo a ambiri a ife Alhomwe anawoloka kuchokera tsidya lomwelo, ndipo chimanga cha ku Milange chatipulumutsa zaka zambiri za njala. Ku Likoma n'chimodzimodzi, koma kumeneko ngakhale nkhuni zimachokera ku Mozambique. M'mawa ndinaona ngalawa za matanga zikukocheza, zitadzaza mitolo ya nkhuni, nsungwi ndi udzu wofolerera, amayi atayima m'madzi ofika m'mawondo kulandira mtolo umodziumodzi. Anthu a mbali ziwirizi ndi apachibale, amakwatirana, amalankhula Chinyanja chimodzi, ndipo odwala a tsidya lija amawoloka kudzafuna thandizo kuchipatala cha St Peter's.

Mitengo yomwe imalamulira chilumbacho ndi milambe. Kuno kumtunda kwa Thyolo mlambe suwuona. Umayenera kutsika mapiri kulowera ku Chikwawa. Ku Likoma milambe ili paliponse, pakati pa nyumba, m'mbali mwa njira, pamwamba pa miyala, ina yaikulu moti anthu asanu atagwirana manja sangaizungulire. Pamodzi ndi mango, ndiyo imapereka mthunzi pa dziko lomwe mitengo ina inatha ndi nkhwangwa. Mlambe unapulumuka chifukwa thunthu lake ndi lofewa, lodzaza madzi, losathandiza pa moto kapena pa denga.

Tsopano nyanjayo, pakuti nkhani ya chilumba ndi nkhani ya madzi ake. Nyanja ya Malawi ndi yachitatu kukula mu Africa, kutsatira Victoria ndi Tanganyika, ndipo ndi yachisanu ndi chinayi padziko lonse. Kutalika kwake ndi makilomita oposa 560, pomwe yatambalala kwambiri ndi makilomita pafupifupi 75. Pa kuya imaposedwa ndi Tanganyika yekha mu Africa: pamalo ozama kwambiri, kumpoto kwa Nkhata Bay, pali mamita pafupifupi 700, ngati mabwalo a mpira asanu ndi awiri ataimikidwa motsatizana. Pamwamba pa madziwo pali pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Mukachotsera, mupeza kuti pansi pa nyanja yathu patsika mamita oposa 200 kupitirira mulingo wa madzi a ku Beira. Dziko lopanda gombe la nyanja yamchere lili ndi malo otsika kuposa nyanja yamchereyo. Mitsinje yambiri imathira m'nyanjayi, koma wotulutsa madzi ndi umodzi wokha, Shire, womwe magetsi oyendetsa makina a m'mafakitale athu a tiyi amachokera.

Pa nsomba ndiye palibe nyanja ina padziko lapansi yofanana nayo. Mitundu ya nsomba ya m'banja la chambo, utaka, ncheni ndi mbuna ndi yoposa 700, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Ndicho chifukwa chake bungwe la UNESCO mu 1984 linaika malo otetezedwa a Lake Malawi National Park pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Mbuna, tinsomba ta mitundu yowala tokhala m'miyala, sitikonda kuwoloka madzi akuya kapena mchenga wautali. Choncho gulu lililonse limatsalira pa miyala yake, n'kusintha mtundu pakapita mibadwo, mpaka kukhala losiyana ndi la pa miyala ina. Zilumba ziwirizi, pokhala patali ndi gombe, zili ndi mbuna zakezake, ndipo anthu oweta nsomba m'magalasi ku Ulaya amadziwa maina a Likoma ndi Chizumulu kudzera m'tinsombati. Ndinagona chafufumimba pa mwala wina ndi kuyang'ana pansi: ta buluu, tachikasu, ta mizeremizere, tikudompha ndere pa mwalawo monga nkhuku zidomphera madeya, madzi ali mbee mpaka pansi.

Koma chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi nkhungu. Kwathu nkhungu ndi ija imabwera ndi chiperoni mu June ndi July, yophimba minda ya tiyi mpaka kapitawo osaona anthu ake kumapeto kwa mzere, yonyowetsa malaya popanda dontho la mvula looneka. Tsiku lina m'mawa mwana wa pakhomo pomwe ndinafikira anandiitana: "Amalume, bwerani mudzaone nkhungu!" Ndinatuluka ndikuyembekeza chifunga. Ndinaona mizati yakuda itaima pamwamba pa madzi kutali, ngati utsi wa sitima zomwe zikupsa. Ndi tizilombo touluka, tating'ono kuposa udzudzu, tosaluma, tochuluka mosawerengeka. Mphutsi zake zimakhala m'madzi. Masana zimatsikira kozama komwe kulibe mpweya wokwanira nsomba, usiku n'kukwera kudzadya. Zikakhwima zimatuluka pamodzi n'kupanga mitambo imeneyi. Mphepo ikaikankhira kumtunda, amayi amatenga malichero kapena madengu onyowetsa, kuwazunguza m'mwamba, tizilomboto n'kumatirira. Amatikanya, kutikulunga m'masamba, kutiphika ndi kutiyanika, n'kukhala ndiwo. David Livingstone anazilemba zimenezi atafika kunyanjayi zaka zoposa 160 zapitazo, ndipo mpaka lero zikuchitika. Ife timadya ngumbi ndi bwannoni, ndiye sindinachite chilendo. Ndinadya ndi kondowole, ndipo kakomedwe kake kali kufupi ndi nsomba youma.

Chinthu chachikulu kuposa zonse chomangidwa ndi manja pachilumbapo ndi tchalitchi cha St Peter's. Munthu ukamachokera kudoko, kudutsa nyumba zazing'ono ndi mathandala oyanikapo usipa, sukonzekera kuona chinyumba chotero. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 100, chili ndi nsanja ziwiri, mawindo a magalasi amitundu, ndi mipando yosemedwa pamwala. Kawirikawiri amachiyerekeza ndi tchalitchi cha Winchester ku England, ndipo chimawerengedwa pakati pa matchalitchi akuluakulu a mu Africa a nthawi yake. Mwala wa maziko anauika Bishopu Gerard Trower mu January 1903, mapulani anajambula ndi Frank George, ndipo anachipatula mu 1911. Miyala anaiphwanya pachilumba pomwepo, koma zambiri zotsala zinachita kuwoloka nyanja. Amene anasenza, kuphwanya ndi kumanga anali anthu a pachilumbapo ndi a m'magombe oyandikana, amuna ndi akazi, ambiri a iwo ataphunzira umisiri pa ntchito yomweyo.

Malo omwe chinamangidwa amatchedwa Chipyela. M'Chinyanja cha kunyanja kupya ndi kumene ife timati kupsa: apa ndi pomwe kale ankatenthera anthu oganiziridwa ufiti. Amishoni anasankha dala malo amenewo. Ndinakhala pa benchi lakumbuyo masana, m'kati muli zii ndi kuzizira, ndikuganiza za anthu omwe anafera pansi pomwe ndinapondapo, komanso za agogo omwe mpaka lero m'midzi yathu amagendedwa ndi kuwotcheredwa nyumba pa mlandu womwewo. Zimandipweteka kuti patapita zaka zoposa 100 nkhaniyi sinathe.

Mishoniyo inabweretsa sukulu msanga, ndipo kwa nthawi yaitali Likoma inkadziwika ngati dera lomwe pafupifupi aliyense ankadziwa kulemba ndi kuwerenga, pamene m'madera ambiri sukulu inali isanafike. Baibulo lathunthu loyamba m'chilankhulo chathu linatuluka m'Chinyanja cha ku Likoma mu 1912, ntchito ya William Percival Johnson ndi anzake a kunyanja, zaka pafupifupi khumi Buku Lopatulika lisanasindikizidwe. Johnson anali atatsala pang'ono kuchita khungu, koma anazungulira nyanjayi akulalikira kwa zaka zoposa 40 mpaka anamwalira ku Liuli mu 1928. Mmalawi woyamba kukhala bishopu wa Anglican, Josiah Mtekateka, yemwe anadzozedwa mu 1965, anali mwana wa pa Likoma. Ndipo popeza chilumba sichikanatha kudyetsa ophunzira onsewo, ambiri anapita kukakhala aphunzitsi, makalaliki ndi anamwino kumtunda, ku migodi ya ku Zambia, ku Zimbabwe, ku Tanzania ndi ku Joni. Pamenepanso ndinaona Thyolo: malo akachepa, chomwe dera limatumiza kunja kwambiri ndi ana ake.

Zonsezi zimadalira sitima. Ilala yomwe ndinakwera inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, anailumikiza ku Monkey Bay, n'kuyamba kuyenda mu 1951. Zaka zoposa 70 ikuyendabe pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba. Dzina inatenga kwa Ilala yoyamba ya 1875, yomwe inatchulidwa kukumbukira dera la ku Zambia komwe Livingstone anafera. Yakale kuposa Ilala ya leroyi ndi Chauncy Maples, sitima ya mishoni yomwe inalowa m'madzi mu 1901 ndipo kwa nthawi yaitali yakhala ikutchulidwa kuti ndi yakale kuposa sitima zonse zoyandama mu Africa. Mwini dzinalo, Bishopu Chauncy Maples, anamira m'nyanja yomweyi mu 1895, akubwerera ku Likoma atangodzozedwa kumene. Manda ake ali ku Nkhotakota. Ngozi yaikulu kuposa zonse inachitika pa 30 July 1946, pamene sitima ya Vipya inagubuduzika ndi mphepo kufupi ndi Chitimba, anthu 145 n'kutha. July ndi mwezi wa mwera, mphepo ya kummwera yomwe imayenda mtunda wonse wa nyanja ikukweza mafunde. Miyezi yomweyo ife tikufunda zibulangete ndi chiperoni, anzathu a pachilumba amakhala akuyang'ana kunyanja, kuwerenga masiku omwe mabwato sanatuluke ndi ufa womwe watsala m'thumba.

Pa ulendo wangawo sitima inaima patali ndi gombe, ndipo tinatsikira m'maboti ang'onoang'ono, katundu akuperekedwa pamwamba pa mitu. Pa Chizumulu tinafika usiku. Sindinaone chilumbacho, koma mdima wa mapiri ake awiri ndi nyali za asodzi a usipa zitandandalika pamadzi ngati mudzi. Anthu anatsika, ena anakwera, mwana wakhanda anaperekedwa kuchokera m'manja kupita m'manja mpaka kwa mayi ake m'boti. Chizumulu ndi chaching'ono pa zazing'ono: munthu amachizungulira wapansi m'maola ochepa, ndipo anthu ake, ofuna chipatala chachikulu kapena maofesi a boma, amayenera kuwolokanso madzi kupita ku Likoma. Boma la Likoma lenilenilo ndi laposachedwa. Mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 zilumbazi zinali pansi pa Nkhata Bay, ndipo munthu ankagona panjira pofuna chikalata chimodzi. Lero kuli bwalo la ndege, ndipo magetsi a dzuwa anabwera kudzathandiza majenereta a dizilo omwe kale ankazima usiku.

M'chikwama ndinali nditanyamula mapaketi awiri a tiyi wa kwathu, mphatso ya eni nyumba. Madzulo a tsiku lomaliza mayi a pakhomopo anatsegula limodzi, kulinunkhiza, n'kuitana mwana kuti akatunge madzi kunyanja. Anasonkha moto ndi nkhuni zitatu za ku Mozambique, akuzikankha pang'onopang'ono kuti zisathe msanga. Shuga anali wa ku Dwangwa, wobwera ndi Ilala sabata yatha. Bambo a pakhomopo, omwe anagwirako ntchito ku Bulawayo ali mnyamata, anandifunsa kuti wothyola tiyi amadzaza madengu angati patsiku, ndipo ndinawaonetsa ndi zala momwe timathyolera, masamba awiri ndi kansonga. Anayesa pa nthambi ya mango, tonse tikumwa. Kutsidya, mapiri a Cobuè anali atayamba kuda, ndipo anyamata anali akukankhira mabwato m'madzi, nyali zitamangidwa kale kutsogolo.